Chaka Chimene Ndinaletsedwa Kuthira Mchere

Kwathu ku Madzimoyo mchere unali mchere basi. Atate anali kalaliki wa pamishoni, munthu wa malaya oyera ndi zolembera ziwiri m'thumba, ndipo amama ankathira mchere m'ndiwo tsiku lililonse la mwezi osafunsa munthu. Nditakwatiwa ku Chipangali, m'banja la Akatolika olima thonje ndi nsawa, sabata yoyamba yomweyo apongozi anga aakazi anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza lamulo la pakhomo pawo. Mkazi akakhala kumwezi sagwira mchere, aziitana mnzake amuthirire. Akathira yekha amadula anthu a m'nyumba mwake, makamaka ana, ndipo mwana wodulidwa amatupa kapena kusanza magazi. Anati mdulo womwewo umabweranso mwamuna kapena mkazi akayenda kumbali. Ndinati ndamva, amama. Mumtima ndinkaseka, ine mwana wa sukulu wofika Fomu 3.

Zaka ziwiri ndinamvera. Kenako ndinatopa nako kuyenda ndi supuni khomo ndi khomo, kulengeza kwa mudzi wonse kuti lero mwezi wandipeza. Ndinayamba kuthira ndekha mwakachetechete, ndipo palibe amene anatupa. Mwana wathu wamkazi anabadwa, anakula, anafika zaka zinayi ali ndi masaya ngati mabanzi, wolongolola kuposa ine mayi wake.

Amuna anga sanali munthu woipa, ndinene zimenezi msanga ndisanapse mtima. Thonje ankalima chifukwa aliyense ankalima, koma luso lawo linali pa matayala. Ankatola matayala akutha m'tauni ku Chipata n'kudula nsapato, malegeni omangira katundu panjinga, ndi zomwera nkhuku. Boma litasintha, aliyense atasanduka wamalonda, anadziwana ndi dilaiva wa lole amene ankapita ku Dalesalamu kudzera ku Malawi. Anapita naye ulendo umodzi wokha, milungu itatu, mvula itangoyamba, n'kubwera ndi matayala odzaza theka la lole. Anawaunjika kuseri kwa nyumba yathu, pansi pa mtengo wa mango. Anabweranso ndi thupi lotentha ndi mutu woswa. Anagona masiku anayi, tinati ndi malungo a paulendo, anadzuka.

Chaka chimenecho linthumbu linatizunza. Linkakwera mizati ya makola a nkhunda ndi a nkhuku n'kudya tiana tili tamoyo, m'mawa kungopeza timafupa. Amuna anga anapeza nzeru. Ankadula tayala pakati mozungulira, zitulukemo mphete ziwiri zokhala ngati ngalande, n'kulowetsa mphete imodzi pa mzati uliwonse, n'kuthiramo madzi. Linthumbu likafika pamadzipo linkabwerera. Abale, anatchuka munthu uja. Khomo lililonse linafuna mphete zake, ndipo apongozi anga ankayenda m'mudzi akutchula mwana wawo ngakhale pa nkhani ya mvula. Ine ndemwe ndinkawonjezera madzi m'mphete zathu m'mawa uliwonse. Ndinkaona tinyongolotsi tikupindikapindika m'madzimo, osasamala. Udzudzu umene unachuluka masiku amenewo unali wakuda, wa mawanga oyera m'miyendo, woluma masana dzuwa likuswa mtengo. Ife tinkadziwa kuti udzudzu woopsa ndi wa usiku, choncho tinkangowupha ndi dzanja n'kupitiriza ntchito.

Matenda anayambira pa nyumba zoyandikana ndi yathu n'kumatsetsereka kulowera kumsewu. Munthu ankatentha thupi, maso ankawawa kumbuyo, mafupa ankaphwanya mpaka bambo wandevu kulira, ena ankatuluka tizidzolo tofiira. Mankhwala a malungo sankagwira. Mkulu wa pa kiliniki yathu, bambo wofatsa wa magalasi omanga ndi ulusi, ankayang'ana magazi pa makina ake n'kupukusa mutu kuti malungo palibe. Koma anthu ankagona sabata n'kudzuka akutsimphina, ndiye tinasiya kuchita mantha.

Mwana wanga anadwala Lachiwiri. Lachisanu thupi linazizira, ndinamusambitsa, anapempha chimanga chowotcha n'kudya mizere iwiri. Ndinayamika Mulungu. Loweruka m'mawa anati m'mimba mukupweteka, manja ake anazizira ngati wachokera kudambo, kenako anasanza. Poyamba zinali zakuda, kenako zofiira. Tinathamanga naye ku kiliniki. Mkulu uja anamubaya pachala, anadonthezera magazi pa kapepala n'kukasunga, n'kutilembera kalata yopita nayo ku chipatala chachikulu m'tauni. Ngolo inatifikitsa kumsewu waukulu. Tinadikira galimoto pamthunzi, ine nditamufungatira, abambo ake ataima pakati pa msewu. Galimoto yoyamba inali yodzaza. Yachiwiri itaima, dzuwa lili paliwombo, mwana anali atatisiya kale. Tinabwerera pa ngolo yomweyo.

M'mudzi monse amene anasanza magazi anali iye yekha, ndipo amene anamwalira anali iye yekha. Sindinafunike kuuzidwa zimene anthu ankanong'onezana pa maliro.

Tsiku lotsatira kuika, apongozi anatiitana m'nyumba mwawo, ine ndi amuna anga, pamaso pa amayi awiri achikulire a pachibale. Anayamba ndi mwana wawo.

“Iwe, paulendo uja unadzisunga?”

Amuna anga anatulutsa kolona m'khosi, anaigwira ndi manja awiri, n'kulumbira kuti sanakhudze mkazi aliyense. Apongozi anagwedeza mutu n'kutembenukira kwa ine.

“Nanga inu mtengwa, mwamuna wanu atachoka, munalowa munthu m'nyumba muja?”

“Ayi, amama.”

“Nanga mchere?”

Ndikanatha kunama. Palibe amene anandionapo. Koma funso limenelo ndinali nditadzifunsa kale ndekha pamsewu paja, chitenje changa chitanyowa ndi magazi a mwana. Sabata imene anayamba kudwala ndinali kumwezi, ndipo ndinathira. Ndinavomera. Mmodzi wa amayi aja anayamba kulira chapansipansi. Amuna anga anatuluka osandiyang'ana.

Sanandimenye, sanandithamangitse. Bola akanatero. Amuna anga anangoyamba kudya kwa amayi awo, m'mawa, masana ndi madzulo, n'kumabwera kwathu kudzagona atandifulatira. Pa maliro a ena ndi pa misonkhano ya mphakati wa kutchalitchi, pamene amayi amagawana ntchito, ine ankandipatsa nkhuni ndi madzi, miphika ayi. Ndikakazinga nsawa pakhomo, ana oyandikana nafe ankabwera chifukwa cha fungo, kenako ndinkamva mayi akuitana mwana wake ndi mawu okoma kwambiri. Atate anatumiza uthenga kuti ndibwerere ku Madzimoyo, ndisiyane ndi anthu amdima. Ndinakana. Manda a mwana wanga anali kuno, ndipo kuchoka kukanakhala kuvomera kachiwiri. Chinanso chimene sindinawauze atate n'chakuti mdimawo unali utandilowa inenso. Ndiwo zanga zomwe, zodya ndekha, ndinasiya kuthira mchere. Ine wa Fomu 3, ndinkadya chibwabwa chozizira ngati madzi, ndikuopa supuni.

Patapita milungu itatu chiikireni mwana, kunabwera galimoto yoyera. Mkulu wa pa kiliniki anali atalemba makalata kwa akuluakulu ake za matenda osadziwikawa, ndipo akuluakuluwo anatumiza mayi wina wopima magazi wochokera ku Lusaka, wamfupi, wovala thalauza ndi majombo, wolankhula Chinyanja cha m'tauni chosakaniza. Anthu anathawira kuminda. Ena ankati ndi opopa magazi, ena ankaopa kuti awapima matenda aja amene masiku amenewo sitinkawatchula dzina. Mayiyo ankafuna munthu wodziwa kulemba Chizungu woti amuyendetse m'makomo. Ine ndinalibe woti ndimuphikire, ndinapita.

Tinayenda masiku asanu. Iye ankatenga magazi a amene anali chigonere n'kuwaika m'bokosi lozizira, ine ndinkalemba pa timabotolo nambala, zaka za munthu, tsiku limene anayamba kudwala ndi khomo lake. Anali ndi chipande chachitsulo chimene ankatungira madzi m'mphete za matayala, n'kuthira tinyongolotsi tija m'mabotolo. Pa mulu wa matayala kuseri kwa nyumba yathu anakhalitsa, akulowetsa mkono m'tayala lililonse.

“Mayi, m'mudzi muno anayamba kudwala ndani?” anandifunsa.

“Amuna anga,” ndinayankha osaganiza. “Atangobwera ku Dalesalamu ndi matayalawa.”

Analemba m'buku lake. Ku kiliniki anatenganso kapepala kaja ka magazi a mwana wanga, ndipo nambala yake ndinalemba ndine. Pochoka anauza anthu kuti azitaya madzi a m'matayala kapena kuthiramo oilo wakutha. Ena anachita sabata imodzi, linthumbu litabwerera anasiya. Ine anandiuza kuti magaziwo apita kunja kwa dziko, poti makina owerengera zamkati mwa tizilombo kuno kunalibe, ndipo ndisayembekezere yankho msanga. Mvula itatha, matenda nawo anatha okha.

Tinatola thonje, tinafukula nsawa, tinalimanso, tinatolanso. Ine ndi amuna anga tinkagwira ntchito mzere umodzi, kulankhulana za makasu ndi za ng'ombe basi. Ndinaonda mpaka chitenje kuzungulira kawiri. Za galimoto yoyera ndinasiya kuganiza, ndinati anthu a m'tauni ndi choncho, amatenga n'kupita.

Inabwera m'chilimwe chachiwiri, nthawi yotentha ija imene nyenje zimalira mpaka m'makutu kuwawa. Mayi uja anachititsa msonkhano pansi pa mtengo wa pa kiliniki. Ananena kuti matenda aja sanali malungo, anali kachilombo kena kofalitsidwa ndi udzudzu wa masana, kochokera kutali, ndipo madzi asamakhale m'matayala. Sanatchule munthu. Anthu anawomba m'manja n'kubalalika, ena akudandaula kuti anayesa kugawidwa chimanga. Apongozi anga sanabwere n'komwe.

Ndinamutsatira mayi uja ku galimoto. Anandikumbukira, ndipo anakumbukiranso nambala ya mwana wanga. Tinakhala pa khonde la kiliniki, anatulutsa pepala lojambulidwa timizere tonga nthambi, kumapeto kwa nthambi iliyonse kuli nambala.

“Inu mumalima nsawa,” anatero. “Mukaona mbewu ya mnzanu, simudziwa kuti anaitenga kwa ndani?”

Ndinati timadziwa. Khungu lake, kukula kwake, kakhalidwe ka makoko, mbewu ya banja lililonse imaoneka.

“Tizilombo natonso n'chimodzimodzi. Kachilombo kakachoka mwa munthu kulowa mwa wina kamasintha pang'ono, koma kamasunga zizindikiro za kumene kachokera. Makina aja amawerenga zizindikirozo.”

Analoza nthambi imodzi pamene manambala anaunjikana. Ndinawazindikira, anali olemba ine. Onse a m'mudzi mwathu anali pamodzi, ndi ya mwana wanga pakati pawo, ndi ya udzudzu wa m'matayala. Pafupi pomwepo, pa nthambi yomweyo, panali manambala ena achilendo. Anati amenewo ndi a anthu a kugombe la nyanja yamchere, kumene lole ija inapita. Nthambi za kumaiko ena zinali kutali, kumapeto kwa pepala.

“Kanalowa m'mudzi mwanu kamodzi kokha, kuchokera kumeneko,” anatero. “Kaya kanabwera m'mazira a udzudzu omatirira m'matayala, kaya m'magazi a munthu amene analumidwa kumeneko, zimenezo sindingathe kusiyanitsa.”

“Nanga bwanji wanga yekha ndiye anasanza magazi?”

“Ana ena kamawatero. Thupi likazizira mumayesa achira, pamene mkati mitsempha yayamba kutaya. Ndinaziwonapo kwina.”

Ndinachita manyazi, koma ndinafunsa. Ndinamuuza za mchere, zonse. Ndinkayembekeza kuti aseka monga ndikanasekera ine kale. Sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, anaona mikono yanga mmene inalili, n'kunena kuti, “Ayi, mayi. Mchere ayi.” Anandipatsa pepalalo kuti ndisunge.

Anthu amaganiza kuti ndinasangalala. Ndinakwiya. Ndinakwiya mpaka mano kugundana. Ndinayenda ulendo wonse wa kumunda osaona njira, ndinawapeza amuna anga akuzula mapesi a thonje n'kuwaunjika kuti awotche. Ndinatambasula pepala pansi, ndinaika miyala m'makona, ndinawafotokozera zonse, za nsawa, za nthambi, za lole. Sindinasankhe mawu ofewa. Chaka ndi theka ndinali nditasunga ndulu, ndipo ndinaithira yonse.

Anamvetsera atagwira khasu. Anali munthu wanzeru, sanafunike kubwerezedwa.

“Ndiye mukuti ndine?”

“Ndinu.”

Anakhala pansi padothi lotenthalo n'kulira. Pa maliro sanalire choncho. Anatchula dzina la mwana kambirimbiri, anati anamubweretsera tinsapato tofiira paulendo womwewo. Ndinawasiya alire, ndipo pang'ono ndinawamvera chisoni, sindibisa. Atatonthola ndinati tiyeni kwa amama, mukawauze ndi pakamwa panu.

Anayamba kufukula dothi ndi chala.

“Amama sadzamva za udzudzu,” anatero. “Adzangomva kuti ndinabwera nazo m'magazi kuchokera paulendo. Mukudziwa chimene adzaganize. Ndinalumbira ndi kolona pamaso pawo.”

“Ndiye ine ndipitirize kukhala mkazi wopha mwana wake?”

“Inu anthu anakuzolowerani kale.”

Mawu amenewo ndikuwamva mpaka lero. Ndinapinda pepala langa, ndinapita ndekha kwa apongozi. Ndinawapeza akusenda nsawa pakhonde. Ndinagwada monga mwa ulemu, ndinawafotokozera pang'onopang'ono, ndikuloza nthambi. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja osasiya ntchito. Kenako anati mapepala a Azungu iwo sawerenga, koma mwana wawo amadziwa sukulu, abwere anene ngati zili zoona. Anamuitanitsa. Anabwera ali ndi phulusa m'miyendo, anaima pabwalo.

“Iwe, zimene akunena akazi akozi n'zoona? Matenda aja unabwera nawo ndiwe?”

Ndinawayang'ana amuna anga. Iwo anayang'ana nkhuku imene inkatola makoko.

“Za mapepalazo ine sindikuzidziwa, amama.”

Nkhani inathera pomwepo. Apongozi anandiuza mofatsa kuti chisoni chimasokoneza mutu, ndipite ndikapume.

Sabata yomweyo amuna anga anayamba kudya kwathu. Anauza amayi awo kuti abambo mfumu a ku parishi anawalangiza kuti Mkhristu amakhululuka, ndipo m'mudzi anthu anawatama kuti ndi munthu wa mtima wabwino. Matayala onse anawachotsa, mphete za pa makola anazizula khomo ndi khomo, akunena kuti apeza njira ina ya phulusa yothamangitsira linthumbu. Mpeni wawo wodulira matayala sanaugwirenso. Ndinkawaona akapita kumanda okha, ndi khasu, kukalambula pamene panali polambula kale. Ankadziwa, ndipo ankadziwa kuti ine ndikudziwa. Ngati paulendo paja anachitadi kanthu, sindinafunse. Sizikanasintha nthambi za pa pepala.

Muzifunsa chifukwa chake sindinachoke. Inenso ndimadzifunsa. Ndinali ndi pakati pasanathe miyezi itatu, ndiye panabwera mwana wina, kenako wina. Ana amenewa atabadwa, apongozi anayamba kundiwerengera masiku. Mwezi uliwonse, nthawi yake ikakwana, ankatulukira pakhomo ndi ndodo yawo dzuwa likupendeka, kulowa m'khitchini mwanga, kuthira mchere m'ndiwo, kutuluka. Sankanyoza, sankakweza mawu. Ankati akuteteza adzukulu awo. Pepala lija ndinalisunga m'Baibulo la atate mpaka linadukaduka m'mapindiro.

Apongozi anadwala zaka za m'ma nainte zikutha. Linali chifuwa cha ukalamba, ndipo amene ankawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwachapira zofunda ndinali ine, poti ana awo aakazi anali kutali ku migodi ya ku Kopabeloti. Tsiku lina masana, abambo mfumu atawadzoza mafuta n'kupita, anandiitana. M'chipinda munali amayi angapo a mphakati, ndipo amuna anga anaima pakhomo. Apongozi anandigwira dzanja. Anali asanandigwirepo dzanja chikwatiwire.

“Mwananga,” anatero, mawu akutuluka movuta, “wandisamala. Za mdzukulu wanga uja, sindifuna kupita nazo. Unali mwana, sunadziwe. Ndakukhululukira.”

Amayi a mphakati anayamba kusisima, wina anati Ambuye atamandike. Ine ndinatembenuka n'kuyang'ana amuna anga. Ndinawapatsa nthawi. Ndinawerenga mpweya wa amayi awo, kukoka kasanu, kasanu ndi kamodzi. Mawu ochepa okha akanakwana. Anayang'ana khoma.

Ndinagwada pafupi ndi mphasa n'kunena kuti, “Zikomo, amama.”

Anamwalira m'mawa mwake, mtima uli m'malo. Amuna anga tili limodzi mpaka lero, takalamba, ndimawaphikira, ndimawatengera ku kiliniki miyendo ikatupa. Mawu oti ndakukhululukira, amene amayi awo anandiuza tsiku lija, amuna anga sanawapemphepo kwa ine, ndipo ine sindinawauzepo.